Mafunso ndi mayankho: maphunziro okonza m'kati mwa nyumba zakale za mu Lusaka

Pano tasonkhanitsa mafunso amene eni nyumba, anthu a lendi, amisiri ndi ophunzira amatifunsa kawirikawiri. Ophunzitsafe ndife osakanikirana: akalipentala, matelala, omanga ndi ojambula mapulani, ena obadwira mu Lusaka momwemuno, ena ochokera m'zigawo, enanso alendo a maiko ena.

Kodi maphunzirowa ndi otani, ndipo amachitikira kuti?

Timachitira m'nyumba yeniyeni imene eni ake avomera kuti tilowemo, ndipo gulu limakhala lochepa, loti likwane pabalaza popanda kupondana. Tsiku loyamba palibe amene amagwira bulashi. Timakhala pansi n'kumvetsera amayi ndi abambo a pakhomopo akufotokoza mmene tsiku lawo limayendera: amayamba kudzuka ndani, madzi osamba amatenthetsera pati, ana amawerengera kuti, agogo akabwera kuchokera kumudzi amagona chipinda chiti. Tikatero timayeza zipinda ndi tepi, timaona mbali imene dzuwa limalowera m'mawa ndi madzulo, ndipo timagogoda pulasitala kuti timve pamene anafufuma. Zojambula papepala zimabwera pambuyo, ndipo palibe chimene timachita eni nyumba asanavomere. Masiku otsatirawo ndi a fumbi ndi thukuta, kupala makoma, kumata ming'alu, kukhoma mashelefu, kusoka makatani ndi kukonza zitseko zimene zinaleka kutsekeka.

Bwanji mukulimbana ndi nyumba zakale pamene anzanu akumanga zatsopano ku Chalala?

Chifukwa m'nyumba zakalezi mukukhalabe mabanja ambirimbiri, ndipo mbiri ya anthu wamba a mzinda uno ili m'menemo. Lusaka anakhala likulu la Northern Rhodesia mu 1935, kulowa m'malo mwa Livingstone. Pulani imene katswiri wa mapulani wa ku Britain, Stanley Adshead, anajambula mu 1931 inali ya mzinda wa mitengo ndi mayadi akuluakulu, koma mumtima mwake munali azungu. Munthu wakuda ankatengedwa ngati wongodzagwira ntchito, woti mawa abwerera kumudzi. N'chifukwa chake ku Kabwata anamangako tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, ta chipinda chimodzi, toti muzigona mwamuna yekha popanda banja. Tambiri tinagwetsedwa m'zaka za m'ma 1970 pomanga mafulati, ndipo timene tinatsala ndi timene lero tili ku Kabwata Cultural Village mu Burma Road. Lamulo la 1948 litatsegula njira yoti antchito okwatira azikhala m'tauni ndi mabanja awo, panamangidwa Chilenje yatsopano ndi Matero chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, Libala n'kudzatsatira.

Nyumbazo zinali zofanana ngati anazidinda, zipinda zing'onozing'ono, zambiri chimbudzi chili panja. Wozijambula sanafunse wokhalamo. Okhalamowo ndi amene anazisandutsa makomo: anabzala mango ndi mapeyala, anatseka makonde, anaika makhitchini kuseri. Mu 1996 boma la Frederick Chiluba litalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa amene ankakhalamo, kuwonjezera zipinda kunafika pena, ndipo makabini a lendi anadzaza kuseri kwa mayadi. Ndiye nyumba ya ku Matero lero ili ndi manja a mibadwo itatu: khoma la atsamunda, khonde la makolo, kabini ya ana. Woikonza ayenera kudziwa kuti ili ndi khoma la ndani asanaligwire.

Aliyense wofuna kuphunzira nafe timamupempha ayambe wakaona nyumba nambala 394 ku Chilenje, mmene Kenneth Kaunda anakhala kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962. Imasungidwa ndi National Heritage Conservation Commission. Mukalowa, yang'anitsitsani kukula kwa zipinda ndi malo amene anaika zitseko. Mudzaona mmene nyumba zonsezi zinalili zisanawonjezedwe.

Munthu wochokera ku India, China kapena ku Ulaya angatiphunzitse chiyani za nyumba ya ku Matero?

Funsoli n'loyenera, poti mzinda uno unapwetekedwapo kale ndi mapulani a anthu osafunsa. Komabe akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Vuto limene ife tinalizolowera mpaka kuleka kuliona, wina kwawo analipezera njira kalekale.

Mlendo akationetsa chithunzi cha nyumba yakwawo, sitimufunsa ngati ili yokongola. Timamufunsa kuti chinthu chimenecho chinathetsa vuto lanji, ndiyeno timaona ngati vutolo lili kunonso. Ku India kuli makoma a mabowomabowo otchedwa jali, amene amalowetsa mphepo ndi kuwala koma wodutsa mumsewu saona m'kati. Ife mabuloko a mabowo tili nawo kale, amaumbidwa m'mbali mwa misewu yathu, ndipo khonde lotsekedwa ndi amenewo limapuma kusiyana ndi lotsekedwa ndi galasi. Ku Burkina Faso, wojambula mapulani Francis Kéré pomanga sukulu ya pulayimale ya kwawo ku Gando, imene inatha mu 2001, anakweza malata m'mwamba kusiya mpata pakati pa denga ndi siling'i kuti mphepo izidutsa n'kuchotsa kutentha. Mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, mphoto yaikulu ya ojambula mapulani a nyumba, woyamba wa mu Africa. Amene anagonapo pansi pa malata mu Okutobala safuna kumufotokozera kawiri phindu la mpata umenewo.

Chitsanzo chimene chimatigwira mtima kwambiri ndi cha ku Beijing. M'tinjira takale ta mumzindawo muli nyumba zozungulira bwalo, zimene poyamba zinali za banja limodzi koma pambuyo pake munadzaza mabanja ambiri, aliyense n'kumata kakhitchini kake pabwalopo. Okonza ambiri ankangogwetsa timakhitchinito ponena kuti n'tonyansa. Wojambula mapulani Zhang Ke sanagwetse timakhitchinito, koma anatikonza pomanga kanyumba kowerengeramo ana, ndipo ntchitoyo inalandira mphoto ya Aga Khan mu 2016. Tikayang'ana makabini a ku Libala ndi Chilenje timaganiza chimodzimodzi: anamangidwa chifukwa panali chosowa, ndipo lendi yake ndi imene imalipirira ana sukulu. Chofunika n'kuwapatsa zenera, mpweya ndi njira yabwino ya madzi.

Timawauzanso alendowo nkhani ya Hassan Fathy, wojambula mapulani wa ku Egypt. M'zaka za m'ma 1940 anamanga mudzi wa New Gourna pafupi ndi Luxor, wa njerwa zadothi, umene akatswiri amautamabe mpaka lero. Koma anthu ambiri amene anawamangirawo anakana kusamukirako, poti kusamukako sikunali kufuna kwawo.

Ndipo tikamati zikhalidwe zosiyana sitikunena za okwera ndege okha. Ku Kamwala ndi Madras kuli mabanja achimwenye amene akhala kuno mibadwo ingapo, ku Chaisa kuli Asomali, matelala a ku Congo ali ponseponse. Alozi, Atonga, Abemba, Ansenga, Angoni ndi Achewa akhala moyandikana mumsewu umodzi kuyambira kale, pa nthaka ya Asoli ndi Alenje. Mmene Mtonga amasungira chimanga ndi mmene Mlozi amalukira mpanda wa bango n'zophunzira nazonso.

Nanga ifeyo timawaphunzitsa chiyani?

Zambiri, ndipo apa m'pamene mapulani a alendo amasinthira. Choyamba ndi maliro. Pakagwa zovuta, mipando yonse ya pabalaza imatuluka, azimayi amayala mphasa ndi matilesi m'kati, azibambo amachezera pamoto panja. Choncho sofa yosatuluka pakhomo, kabati yokhomerera pakati pa chipinda, kapena kakhoma kakafupi kodula balaza pawiri, zidzakuvutitsani pa tsiku limene muli kale ndi chisoni. Balaza liyenera kutha kukhala lopanda kanthu m'kanthawi kochepa, ndipo khomo lake likhale lotakata. N'chimodzimodzi pa chilanga mulilo, mwambo umene akuchikazi amapititsa zakudya kwa mkamwini, azimayi akamalowa ndi mapoto pamutu, ng'oma ikulira.

Chachiwiri ndi ulemu wa m'banja. Chipinda cha makolo sichiyang'anizana ndi pokhala alendo, ndipo ana akuluakulu salowamo wamba. Njira yopita kubafa isadutse pamaso pa anthu okhala pabalaza, chifukwa mkamwini sangakhale pamenepo apongozi akudutsa ndi chitenje cha pachifuwa. Mlendo akajambula khomo la bafa moyang'ana sofa, amayi a pakhomo amangogwedeza mutu, ndipo ife timamufotokozera chifukwa chake.

Chachitatu ndi khitchini. M'magazini a kunja khitchini ndi balaza zimakhala chipinda chimodzi, ndipo achinyamata ambiri amabwera akufuna kugwetsa khoma la pakati. Timawafunsa kuti nsomba youma kapena kapenta akamakazinga, fungo lidzathera kuti. Limathera m'makatani ndi m'sofa. Kuvundula nsima ya anthu khumi kumafuna malo otsika ndi olimba, poto atagwiridwa bwino, ndipo pa kauntala yaitali mapewa amatopa msanga. Thumba la ufa la makilogalamu 25 limafuna pokhala pake pokwera, posakhudza simenti. Zigubu za madzi, thumba la malasha ndi mbaula nazonso zimafuna malo, pakuti ngakhale m'nyumba ya chitofu cha magetsi nyemba zimaphikidwa pambaula. Khitchini yabwino ya mu Lusaka imakhala ndi mbali ya m'kati ndi mbali ya panja yofoleredwa, khomo la kuseri likuzilumikiza.

Ndili ndi ndalama zochepa. Ndiyambe ndi penti kapena matailosi?

Yambani ndi madzi. Denga, ngalande, chinyezi cha m'makoma, kenako mawaya a magetsi. Penti ndi womaliza.

Mbali yaikulu ya Lusaka inakhala pa mwala wa laimu, malo ake ndi athyathyathya, ndipo nthawi ya dzinja madzi a pansi amakwera kufika pafupi ndi pamwamba. A ku Kanyama, Misisi ndi Chawama amazidziwa bwino. M'makomboni akale a khonsolo muli vuto linanso: pa zaka zonsezi anthu akhala akuthira dothi, zibuma ndi simenti pabwalo, mpaka panja pakwera kuposa m'nyumba. Madzi a mvula amatsamira khoma n'kulowa. Zizindikiro zake ndi penti wotukuka m'munsi mwa khoma, ufa woyera ngati mchere, ndi nkhungu yakuda kuseri kwa wadirobu.

Ambiri amabisa ndi matailosi kapena penti wa mafuta. Madziwo satha, amangokwera n'kutulukira pamwamba pa matailosiwo. Chofunika n'kukumba dothi lotsamira khoma, kuika simenti yotsetsereka kuzungulira nyumba kuti madzi azithawa, kukonza magata a padenga, ndi kulisiya khomalo liume milungu ingapo. Likauma pakani laimu kapena penti wa madzi amene amalola khoma kupuma. Kuti mudziwe kumene chinyezi chikuchokera, matani pepala la pulasitiki pansi ndi tepi mbali zonse, mulisiye masiku awiri. Madontho akakhala kunsi kwake, madzi akuchokera m'nthaka. Akakhala pamwamba, m'chipindamo mukusowa mpweya.

Ngati payadipo pali chimbudzi chokumba ndi chitsime chosazama, nkhani imeneyo iyambe kukonzedwa zina zonse zisanayambe. Kolera wa 2017 mpaka 2018 ndi wa 2023 mpaka 2024 tonse timamukumbukira.

Denga langa ndi la asbestos. Ndilichotse?

Osathamanga. Nyumba zambiri za khonsolo anafolera ndi asbestos, ndipo ngati sanasweke savulaza munthu atangokhala pamenepo. Choopsa ndi fumbi lake. Mukamuboola, kumudula ndi galainda, kumukwecha ndi bulashi ya waya kapena kumuphwanya, timaulusi tosaoneka timalowa m'mapapo, ndipo matenda ake, kuphatikizapo khansa, amadzaonekera patapita zaka 20 kapena kuposerapo. Pamaphunziro athu ophunzira sagwira asbestos. Ngati denga lafika poti lichoke, pezani amisiri odziwa, amene amanyowetsa mapepalawo, kumasula misomali m'malo mophwanya, kuwatsitsa athunthu atavala zotseka mphuno zoyenera, ndipo funsani ku khonsolo kokatayira. Zidutswa zake musakwirire nazo maenje a mumsewu kapena kumangira khola la nkhuku.

Chenjezo lomwelo likhudza penti wakale wa mafuta pa zitseko ndi mafelemu, amene akhoza kukhala ndi mtovu. Palani atanyowa, ana ndi amayi oyembekezera ali kutali.

Pansi pathu ndi pa simenti yofiira ya polishi. Ana akuti n'zachikale.

Ife timaikonda, ndipo sitibisa. Onani khonde la ku Libala m'mawa wa Loweruka, atapaka polishi wofiira n'kupukuta ndi bulashi ndi kansalu mpaka miphika ya maluwa ikuonekera pansi. Simenti imeneyo imazizira mu Okutobala, ikang'ambika imamatika, ndipo yakhala zaka 60 osafuna kusinthidwa. Matailosi onyezimira otchipa amaterera akanyowa, ndipo agogo akagwa n'kuthyoka chiuno kuchira kwake n'kovuta. Amakwezanso pansi, ndiye zitseko zonse zimafuna kudulidwa.

Komabe amene amagwada ndi bulashi sabata iliyonse ndi atsikana ndi amayi, ndipo iwo akanena kuti atopa tiyenera kumva. Pali mankhwala opaka pa simenti amene amaisiya yowala nthawi yaitali, yongofuna kukolopa. Kubafa ndi kukhitchini matailosi ndi abwino, bola akhale okhakhala. Chomaliza amanena ndi eni nyumba.

M'nyumba mwathu ndi mwamdima, masana mumatentha, mu Juni mumazizira. Zingatheke bwanji popanda kugwetsa makoma?

Chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku damu la Kariba, kumene amapangira magetsi, magetsiwo ankathima maola ambiri pa tsiku, ndipo tonse tinaona mmene nyumba zathu zilili zamdima ngakhale masana. Pakani siling'i ndi m'mphepete mwa mazenera penti woyera. Makatani olemera amene amatsekedwa tsiku lonse asinthidwe ndi awiri, kansalu kopepuka ka masana ndi chitenje chochindikala cha usiku. Pakhonde la m'kati pamene palibe zenera, lata limodzi loonekera limasintha nyumba yonse. Galasi lodziyang'anira loikidwa moyang'anizana ndi zenera limaponya kuwala kufika kukona.

Za kutentha, siling'i ndiyo yoyamba, ndipo pamwamba pake pakhale potulukira mpweya wotentha. Mabowo a mpweya amene ali m'mwamba mwa makoma a nyumba za khonsolo ambiri anatsekedwa ndi nyuzipepala kapena simenti chifukwa cha udzudzu ndi mphepo ya mu Juni. Atseguleni muikemo sefa ya waya. Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, choncho usiku umazizira ndithu, koma chonde mbaula isagone m'chipinda chotseka. Mpweya wa malasha sununkha, munthu amangogona osadzukanso, ndipo chaka chilichonse nyengo yozizira timamva za mabanja otere.

Ngati mukuganiza zodzaika sola, siyiranitu njira ya mawaya musanapake penti. Mawaya akale aonedwe ndi wamagetsi wa mapepala ake.

Kukongoletsa mwachikhalidwe ndiko kupachika zigoba ndi malichero pakhoma?

Alendo ambiri amafika ndi maganizo amenewo, ndipo timakambirana nawo mofatsa. Gule Wamkulu wa Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique, pamodzi ndi Makishi a kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, UNESCO inawalemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse. Amene anafikako ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi, amadziwa kuti zimenezi zili ndi eni ake ndi malamulo ake. Ife za kudambwe sitiziika pakhoma kuti zikongoletse balaza.

Zoluka ndi zosema zogwiritsa ntchito ndiye timazilimbikitsa kwambiri. Madengu a Atonga a ku chigwa cha Gwembe, madengu a mizu ya makenge ochokera cha ku Mongu, timipando tosema, mphasa za bango, mikeka ya mlaza. Zimakhala bwino zikamagwira ntchito: dengu losungiramo zovala, mphasa yotchinga dzuwa pakhonde, nsungwi zoyala kunsi kwa malata a khitchini ya panja. Pogula musanenerere mpaka woluka atsale wopanda phindu, chifukwa dengu limodzi labwino limamudyera masiku ambiri.

Palinso chikhalidwe china chimene alendo sachizindikira msanga, cha m'tauni momwemuno. Kabati ya magalasi yokhala ndi mbale za alendo, tinsalu toluka pamitu ya sofa, chithunzi cha ukwati wa makolo, kalendala ya mpingo, satifiketi ya mwana woyamba mufelemu. Wina amafuna kuzichotsa kuti khoma lipume. Ife timati zisonkhanitsidwe pakhoma limodzi, mafelemu akonzedwe, kabati ipalidwe n'kupakidwa vanishi. Amayi amene analuka tinsaluto akali moyo ndipo nyumbayo ndi yawo.

Ndimachita lendi. Maphunzirowa andithandiza?

Kwambiri. Timaphunzitsa zinthu zoti mudzanyamule posamuka: mashelefu oima okha, bedi lokhala ndi madilowa kunsi, katani yodula chipinda chimodzi kuti makolo ndi ana akhale ndi mbali zawo, tebulo lopinda. Musanapake penti kapena kuboola khoma gwirizanani ndi alandilodi, ndipo ngati ndalamayo idzachotsedwa pa lendi, mulemberane.

Kodi pamafunika chilolezo cha khonsolo?

Kupaka penti, kukhoma mashelefu ndi kusintha makatani sikufuna chilolezo. Kuwonjezera chipinda, kumanga kabini, kapena kusandutsa nyumba kukhala shopu kapena ofesi kumafuna pulani yovomerezedwa ndi Lusaka City Council, motsatira Urban and Regional Planning Act ya 2015. Maofesi ake ali ku Civic Centre mu Independence Avenue. Khoma lililonse limene mukufuna kugwetsa lionedwe kaye ndi injiniya kapena katswiri wa mapulani wolembetsedwa, chifukwa m'tinyumba tating'onoti khoma la pakati nthawi zambiri ndi limene lasenza denga. Musamange pamwamba pa paipi ya suweji kapena manholo, poti ikadzatsekeka adzaswa chipinda chanucho.

Chilolezo china n'cha pabanja. Nyumba zambiri zogulidwa mu 1996 eni ake anatisiya, ndipo tsopano ndi za amayi otsala ndi ana angapo. Lamulo la 1989 la chuma cha masiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana pa nyumba yotere. Ife sitilowa m'nyumba imene abale sanamvane, ngakhale wotiitanayo akhale ndi ndalama m'manja.

Zipangizo mumagula kuti, ndipo ndalama zake zimachuluka bwanji?

Mitengo ya zinthu imasintha mwezi ndi mwezi, ndiye timawerengera nyumba iliyonse payokha, eni ake ali pomwepo. Matabwa, milimo ndi udzu timayang'ana ku Buseko. Zitseko, mafelemu ndi mipando akalipentala ndi owotcherera a ku Kalingalinga amapanga m'mbali mwa Alick Nkhata Road, ndipo mukawapatsa miyezo yolondola papepala amakupangirani chokwana malo anu. Nsalu ndi ku Kamwala.

Matabwa gulani msanga, muwasanje pamthunzi mutaika timitengo pakati kuti aume. Thabwa laliwisi limapindika, ndipo chitseko cha kabati chimene chinatsekeka bwino mu Meyi chimakana mu Seputembala. Musanagule chatsopano yang'anani chimene muli nacho. Zitseko ndi matebulo akale ambiri ndi a mlombwa, umene pamsika amati mukwa, wobisika pansi pa penti wa zaka zambiri. Ukapalidwa umatuluka wofiirira bwino, ndipo chiswe sichiukonda. Mtengo wa mukula sitigwiritsa ntchito, poti watha kwambiri m'nkhalango ndipo boma lakhala likuletsa malonda ake.

Mabanja ambiri amakonza chipinda chimodzichimodzi akalandira chilimba, ndalama zimene gulu limasonkha n'kumapatsana mosinthana. Njira imeneyo ndi yabwino, bola dongosolo la nyumba yonse likhale papepala kuyambira pachiyambi, kuti musadzaswe chaka chamawa chimene mwamanga chaka chino.

Sindinapite patali ndi sukulu ndipo Chingerezi chimandivuta. Ndingabwere?

Bwerani. Timaphunzitsa m'Chinyanja, wina akafuna Chibemba timamasulira, ndipo mlendo ndi amene amapatsidwa womasulira. Kuwerenga tepi timaphunzitsana pomwepo. Azimayi amagwira sowo ndi dirilo, azibambo amakhala pamakina osokera, aliyense amalawa zonse.

Mumapereka satifiketi yoti ndikapezere ntchito?

Ayi. Wofuna pepala lovomerezeka apite ku sukulu za ntchito zamanja zolembetsedwa ndi bungwe la boma la TEVETA, za luso la zojambula ku Evelyn Hone College, ndipo za mapulani a nyumba ku Copperbelt University ku Kitwe. Kwa ife mumatenga luso la m'manja, zithunzi za ntchito imene mwagwira, ndi kudziwana ndi amisiri.

Mukakongoletsa nyumbazi, lendi sidzakwera mpaka ife osauka kuthamangitsidwa?

Nkhawa imeneyi nafenso tili nayo. Tinaona nyumba zokhalamo anthu ku Rhodes Park ndi Northmead zikusanduka maofesi imodzi ndi imodzi, ndipo malo oyandikira tauni monga Kabwata, Kamwala ndi Libala amakopa ogula. Sitingaletse munthu kugulitsa chake. Chimene tingathe n'kusankha kumene tikuika manja athu. Timagwira m'nyumba zimene eni ake akukhalamo ndipo akufuna kukhalabe, ndipo ngati payadi pali a lendi, timayamba tamvana ndi alandilodi kuti kukonzako kusakhale chifukwa chowatulutsira.

Sitithera pakhomo la nyumba imodzi. Tsiku lina timayenda mumsewu wonse ndi aneba, kuona ngalande, mitengo ndi mipanda. Madzi amene mwawathamangitsa payadi panu amakalowa kwa mnzanu ngati simunapangane. Mipanda ya njerwa italiitali inabwera chifukwa cha akuba, ndipo palibe amene angaseke mantha amenewo, koma msewu wa makoma okhaokha umakhala wopanda maso, mwana akalira panja palibe womuona. Mlendo wina wa ku Zanzibar anatifotokozera za mabenchi a miyala omangidwa kunja kwa nyumba za ku Stone Town, pamene anthu amakhala madzulo n'kumacheza ndi odutsa. Agogo ena a ku Chilenje anamuyankha kuti, "Mwanawe, ifenso tinkatero pakhonde mipanda ili ya maluwa." Kuchokera pamenepo timalangiza kuti mbali ya kutsogolo ya mpanda ikhale yofupikirako kapena ya mabuloko a mabowo, ndi kabenchi pafupi ndi geti pansi pa mtengo.

Nthawi yabwino yokonza ndi iti, ndipo ndibwere ndi chiyani?

Nyumba iyang'aneni mu Januwale ndi Febuluwale mvula ili pakati. Lembani ndi choko paliponse podontha, pamene khoma lanyowa ndi pamene madzi amaima pabwalo, mujambulenso pafoni. Ntchito yeniyeni igwireni kuyambira Meyi mpaka Seputembala, makoma atauma, kuti denga ndi ngalande zikhale zokonzeka mvula ya Novembala isanagwe. Pulasitala ndi simenti yatsopano muzizithirira madzi masiku angapo, makamaka mu Ogasiti mphepo ikamaomba, apo ayi zimang'ambika.

Pobwera tengani tepi yoyezera ngati muli nayo, pensulo, kope, zovala zakutha, nsapato zotseka ndi chotseka mphuno. Ngati mukufuna kuti tidzaone nyumba yanu, bwerani ndi chojambula chake ngakhale cha pamanja, ndiponso munthu amene amaphika ndi kusesa m'nyumbamo, chifukwa mafunso athu ambiri adzayankha ndi iyeyo. Masiku opala makoma ana aang'ono akatsale kwa aneba.